Maserati yanga ikungozungulira pa kona

Funso: Achimwene, ndalowa kagulu kothamangitsa galimoto zakale pa gemu ya pakompyuta ya Assetto Corsa, koma Maserati 250F ndikangofika nayo pa kona imazungulira ngati nguli, anzanga mpaka amandiseka pa WhatsApp. Vuto ndi chiwongolero changa kapena? Wanu wa ku Area 25.

Yankho: Ayi man, chiwongolero chilibe mlandu. 250F ndi galimoto ya m'ma 1950, ilibe ABS (chipangizo choletsa matayala kuloka mukaponda buleki), mabuleki ndi a dramu, matayala owonda, ndiye pondani buleki msewu ukadali wowongoka, tsitsani giya, potuluka pa kona muziipatsa moto pang'onopang'ono osati ngati minibasi ya ku Kawale yolimbirana makasitomala pa depoti, apo ayi kumbuyo kumathawa nthawi yomweyo. Yesererani nokha pa msewu wa mpikisano wa Monza m'gemumo kaye, simudyanso bandulo.