Nsomba za bass zikabwezedwa m'madzi mpikisano utatha, zimapulumuka zonse?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina amene amakhala ku Durban. Akuti anakaonerera mpikisano wowedza nsomba za bass ku damu la Inanda, ndipo anaona asodzi akuyeza nsomba pasikelo kenaka n'kuzibwezera m'madzi. Funso lawo ndi lakuti: kodi mipikisano yotereyi simaliza nsomba m'nyanja?

Achimwene, kumaliza ayi, siimaliza. Koma musakhulupirire kuti nsomba iliyonse imene mwaiona ikusambira pochoka pasikelo yapulumuka.

Mwambowu unayambira ku America, kwawo kwa nsombayi. Ray Scott anachititsa mpikisano wake woyamba mu 1967 pa Beaver Lake ku Arkansas, ndipo ndiye anayambitsa bungwe la asodzi a bass lotchedwa B.A.S.S. Masiku amenewo nsomba zonse zogwidwa zinkafa. Mu 1972 bungweli linayamba kulimbikitsa zobwezera nsomba zamoyo, ndipo mabwato anayamba kukhala ndi kathanki ka madzi kosungiramo nsomba mpaka nthawi yoyeza. Masiku ano mipikisano yambiri imalola msodzi kubweretsa nsomba zisanu zokha, ndipo akabwera ndi yakufa amamuchotsera mapointi.

Vuto lili pa zimene sizioneka. Nsomba yogwidwa m'mawa imatha maola ambiri mu kathanki kaja, ikugundika bwato likamathamanga, kenaka imaikidwa m'thumba, kunyamulidwa, kujambulidwa. Imachoka itafooka, khungu lake litapalika, ndipo zina zimafa patapita masiku angapo, anthu atapita kale kwawo. Katswiri wina wa ku Texas, Gene Wilde, ataphatikiza zotsatira za mipikisano yambiri mu 1998, anapeza kuti pafupifupi nsomba imodzi mwa zinayi zilizonse inkafa, zambiri mwa izo zitabwezedwa kale. Chachikulu chopha ndi kutentha. Madzi otentha amakhala ndi mpweya wochepa, pomwe nsomba yotopa imafuna wambiri. Zokokedwa kuchokera pakuya nazo zimatupa kathumba ka mpweya m'mimba, n'kumangoyandama osatha kumira.

Nyengo yoswana ilinso ndi zake. Ife tinazolowera chambo, chimene chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Kwa bass, yaimuna ndiyo imalondera chisa pamalo osaya, ndipo imaluma chilichonse choyandikira, motero siivuta kuikola. Ikangochotsedwa, tinsomba tina timalowa n'kudya mazira. Poti amakaitayira kutali, pafupi ndi sikelo, chisa chija chimakhala chatha basi.

Nanga bwanji sizitha? Bass imodzi imaikira mazira masauzande ambiri, ndipo pa nyanja yaikulu zogwidwa pa mpikisano ndi gawo laling'ono la zonse zili m'madzimo. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi damu laling'ono lochitikira mipikisano sabata ndi sabata m'miyezi yotentha. Asodzi a mpikisano amasaka zikuluzikulu zokhazokha, nsomba zimene zatenga zaka kuti zifike msinkhu umenewo, ndiye kufako kumagwera zomwezo. Damu limaoneka lodzaza nsomba, koma zonenepa zikusowa. N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi njira imene bungwe lina la mipikisanoyi ku America, la Major League Fishing, linatchukitsa: nsomba imayezedwa m'bwato momwemo, woyang'anira akuona, n'kubwezedwa pomwe yagwidwira.

Komanso kumene muliko nkhaniyi ili ndi mbali ina. Bass anachita kubwera nayo ku South Africa mu 1928, ndipo m'mitsinje ina ya ku Western Cape yadya tinsomba ta komweko mpaka kutsala pang'ono kutha. Akatswiri oteteza chilengedwe kumeneko sadandaula kuti bass ichepa. Nkhawa yawo ndi anthu amene amainyamula yamoyo kukaithira m'madzi momwe munalibe. Mukadzapitanso ku Inanda, mufunse okonza mpikisano kuti madzi atentha bwanji tsikulo, ndiponso kuti nsomba zikhala maola angati mu kathanki zisanafike pasikelo.