Kachisi anagwa m'chaka cha 70, kapena 3830?

Bambo wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti buku lina likunena kuti Aroma anagwetsa kachisi wa ku Jerusalem m'chaka cha 70, pomwe lina likuti 3830. Akufunsa kuti wanama ndani.

Palibe wanama, bambo. Chaka ndi chimodzimodzi, chasiyana ndi poyambira kuwerenga.

Mwa anthu amene anaona utsi wa kachisiyo, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chakacho ngati 70. Nambalayi inadza patapita zaka 455. Mu 525 mmonke Dionysius Exiguus, pokonza masiku a Pasaka, ndiye anayamba kuwerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Yesu. Komanso anaphonyako pang'ono, poti akatswiri ambiri amati mfumu Herod anamwalira mu 4 BC, Yesu atabadwa kale.

Mroma wamba akanati "chaka cha Vespasian ndi Titus", chifukwa iwo ankatchula chaka ndi mayina a akuluakulu awiri olamulira, otchedwa consul. Ophunzira okha ndiwo akanati 823, kuwerengera pomwe mzinda wa Rome unakhazikitsidwa. Agiriki ankawerenga ndi masewera a ku Olympia, ochitika zaka zinayi zilizonse kuyambira 776 BC, ndiye kwa iwo inali Olympiad (nyengo ya zaka zinayizo) ya 212. Ku China chinali chaka cha 13 cha ulamuliro wa mfumu Ming, chaka cha hatchi, poti kumeneko zaka zimatchulidwanso ndi mayina a nyama. Agogo athunso amatero: "ndinabadwa chaka cha njala", osatchula 1949.

Ine zimene zimandikhudza ndi za Ayuda amene anaukira Aroma. Nkhondo itayamba mu 66 anasula ndalama zawozawo n'kulembapo "chaka choyamba". Zomaliza zinalembedwa "chaka chachisanu", ndipo zilipo zochepa kwambiri, poti mzinda unagwa chakacho chisanathe.

Nanga 3830 ija? Ndi ya kalendala ya Ayuda ya lero, yowerengera kuchokera pa kulengedwa kwa dziko: mumangowonjezera 3760 pa chaka chathu. Koma chenjerani, chaka chawo chimayamba mu Seputembala kapena Okutobala. Kachisi anapsa m'mwezi wa Av, cha mu Ogasiti, n'chifukwa chake ndi 3830. Chikanachitika mu Disembala tikanati 3831.

Mukawerenga kudutsa malire a BC ndi AD muzichotsapo chimodzi, chifukwa chaka cha 0 kulibe. Kuchokera mu 4 BC kufika mu 70 ndi zaka 73, osati 74.