Kutenga mtsikana wa zaka 14 kumudzi kuti adzalere mwana ku Joni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wokhala ku Rosettenville. Dzina sinditchula, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Achemwali, ine ndimagwira ntchito m'nyumba ku Randburg, kuchoka m'mamawa kubwera usiku. Ndili ndi khanda la miyezi 8. Mng'ono wanga ku Ntcheu ali ndi mtsikana wa zaka 14 amene wasiyira sukulu mu Sitandade 7, ndipo kuli bambo wina wayamba kumuzungulira. Ndaganiza zomuitanitsa kuti azindilerera mwana, ine ndizitumiza kangachepe kwa mayi ake mwezi ndi mwezi. Mnzanga wakutchalitchi akuti ndikhoza kumangidwa. Komatu kwathu wa zaka 14 amaloledwa kugwira ntchito. Nanga kuno mwana amakula pa zaka zingati?"

Achemwali, mnzanuyo sakukuopsezani. Akunena zoona, ndipo inunso zimene mwanena za kwathu ndi zoona. Lamulo la ntchito la ku Malawi, Employment Act ya 2000, limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Lamulo la kuno ku South Africa, Basic Conditions of Employment Act ya 1997, limati 15. Kusiyana kwake ndi chaka chimodzi chokha, koma mwana wa mng'ono wanuyo wagwera m'chaka chimenechocho. Akamakwera basi ku Ntcheu ndi munthu woti angalembedwe ntchito. Akadutsa Mwanza ndi Tete n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kumene malire ake ndi zaka 16, wabwerera kuumwana. Akatsika basi pa Park Station ku Joni, aliyense womugwiritsa ntchito wapalamula mlandu umene chilango chake chimatha kufika zaka 6 kundende. Mwana ndi yemweyo, diresi ndi lomwelo. Wapolisi wa kuno sadzatsegula buku la malamulo a ku Lilongwe. Amaona nthaka imene mwanayo waponda.

Kusiyanaku sikunangochitika. Mu 1973 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapanga pangano lakuti mwana asayambe ntchito asanathe zaka zokakamizidwa kukhala pasukulu, ndiponso asanafike 15. Koma linasiya kampata: dziko limene chuma ndi masukulu ake n'zoperewera likhoza kuyambira pa 14. Malawi anasaina mu 1999 n'kulowera pakampatako. South Africa inasankha 15. Ndiye nambala 14 ija musaiwerenge ngati umboni wakuti ana akwathu amakhwima msanga. Ndi dziko kuvomereza kuti lilibe madesiki okwanira. Onjezanipo kuti lamulo lathu lija silikhudza ntchito zogwiridwa m'makomo, n'chifukwa chake ku Area 25 kapena ku Chilomoni mukapeza kamtsikana kataberekera khanda la eni nthawi ya sukulu, palibe amene amatembenuka n'komwe.

Ndikudziwa chimene mukufuna kundiyankha: "Si wantchito ameneyu, ndi mwana wanga." Zoona, mwana wa mng'ono wanu ndi wanu, ndipo palibe lamulo kuno loletsa mwana kutsuka mbale, kusesa, kapena kunyamula khanda pamene inu mukuphika nsima. Koma werenganinso kalata yanu. Mwanayo akubwera chifukwa inu mulibe mlezi. Azikhala ndi khanda kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku, masiku onse a sukulu. Pakutha pa mwezi ndalama izipita kwa mayi ake. Wogwira ntchito zoona za ana akadzagogoda pachitseko sadzafunsa kuti amakuitanani ndani, adzafunsa kuti Lachiwiri nthawi ya 10 koloko m'mawa mwanayu amakhala kuti, akutani. Ubale sufufuta yankho la funso limenelo.

Sukuluyo ndi nkhani ina payokha. South African Schools Act ya 1996 imati mwana aliyense azikhala pasukulu mpaka kutha kwa chaka chimene wakwanitsa 15, kapena mpaka Giredi 9, chimene chayamba kufika. Udindo wake uli pa kholo, ndipo m'lamuloli "kholo" ndi aliyense amene wadzipereka kusamala mwanayo. Akangolowa m'nyumba mwanu, kholo ndinu. Kusintha kwa lamuloli kumene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu 2024 kunakweza chilango cha kholo losunga mwana pakhomo popanda chifukwa kufika miyezi 12.

Pano ndiyankhule monga ine, osati monga malamulo. Ndili ndi zaka 13 ndinatumizidwa kwa azakhali ku Ndirande, mawu ake anali akuti "akakuphunzitsa kutauni". Sanali munthu woipa. Ankandigulira nsapato pa Khirisimasi, ndinkadya mbale imodzi ndi ana awo. Koma teremu yoyamba anati dikira khandali liyambe kukhala, yachiwiri anati dikira liyambe kuyenda, ndipo pamene ndinkabwerera m'kalasi anzanga anali atandisiya ndi makalasi awiri. Ndinali wamtali kuposa onse, ndinkakhala kumbuyo, manyazi okhaokha. Palibe tsiku limene azakhaliwo anakhala pansi n'kuganiza kuti andiphere tsogolo. Zinkangosunthidwa, mawa, mawa. Ndiye mukandiuza kuti "ndidzamulowetsa sukulu mwana akakulako", ndikukhulupirira kuti mukunena kuchokera pansi pa mtima, koma mawuwo ndinawamvapo.

Choopsa kwambiri chili panjira. Mwana woyenda popanda makolo ake polowa m'dziko lino amafunika pasipoti yake, satifiketi yakubadwa, kalata ya chilolezo cha makolo, ndi kalata ya munthu womulandira yokhala ndi adiresi. Ambirife timadziwa mmene zimakhalira: timalipira transipota, iye n'kunena kuti za pa malire a Beitbridge musadandaule. Tsono taganizani mmene nkhaniyo imaonekera kwa wapolisi. Mwana wa zaka 14 waolotsedwa malire atatu ndi munthu wosakhala mbale wake, akupita kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndalama ikupita kwa makolo. M'chilankhulo cha malamulo zimenezo zimayandikana kwambiri ndi kuzembetsa anthu. South Africa ili ndi lamulo la 2013 pa mlanduwu, limene chilango chake chimafika kukhala kundende moyo wonse kapena chindapusa cha R100 miliyoni, ndipo Malawi anakhazikitsa lake mu 2015. Sindikuti azakhali aliyense woitanitsa mwana adzaweruzidwa chotero. Koma kuti anthu amvetse kuti munali ndi mtima wabwino mudzakhala mukufotokozera muli m'manja mwa apolisi, inu amene mwina mapepala anu omwe ali ndi pokayikitsa.

Tsopano funso lanu lenileni, lakuti mwana amakula pa zaka zingati. Pa pepala lalikulu yankho ndi 18 pafupifupi kulikonse. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limatero, ndipo maiko onse a m'bungweli analivomereza kupatula America. Pangano la ana la maiko a mu Africa la 1990 limateronso. Malamulo oyendetsera dziko lino amati mwana ndi wosafika 18. Kwathu Konsitityushoni inkati 16 mpaka mu 2017 pamene aphungu anaikonza.

Koma pansi pa 18 pali makwerero, ndipo dziko lililonse linakhoma ake pamene linafuna. Kuno wa zaka 12, ngati adokotala aona kuti akumvetsa, akhoza kuvomera yekha chithandizo chakuchipatala, kuyezetsa HIV, ngakhale kulandira njira zolera, popanda inu kuuzidwa. Zili mu Children's Act ya 2005. Amayi ambiri akwathu zimawapweteka akamva, ndipo inenso poyamba ndinati dziko lanji ili. Kenaka ndinaganiza za mtsikana amene womuvutitsayo ndi yemwe akanayenera kusaina fomu yachilolezo, ndinangoti zii. Pa 15 akhoza kuyamba ntchito yosaika moyo ndi maphunziro ake pachiswe. Pa 16 lamulo limamulola kuvomera zogonana, amatenga chitupa ngati ndi nzika, n'kulembetsa m'kaundula wa zisankho ngakhale kuvota kwenikweniko kumadikira 18. Pa 17 atha kutenga pepala lophunzirira galimoto. Mowa ndi fodya, 18.

Za milandu nazo zimasiyana. Kuno mwana wosafika 12 sangaimbidwe mlandu. Kale zinali 10, zinasintha mu 2022. Kwathu ndi 10, chimodzimodzi ku England, pamene ku Germany ndi 14, nambala imene komiti ya United Nations yoona za ana inalimbikitsa mu 2019. Ku Austria wa 16 amavota, ku America wa 20 sagula mowa, ku Japan munthu ankatchedwa wamkulu pa 20 mpaka mu 2022. Musayese kupezamo nzeru imodzi, mulibe. Dziko lililonse linakoka chingwe malinga ndi mantha ake.

Mbali ya kalata yanu imene yandigwira mtima ndi ya bambo amene akuzungulirayo, chifukwa ndikuona kuti ndi imene ikukuthamangitsani. Apa pali chodabwitsa: pa nkhani ya ukwati, lamulo la kwathu ndi lolimba kuposa limene dziko lino lakhala nalo kwa zaka zambiri. Marriage Act ya kuno ya 1961 inasiya khomo lakuti wosafika 18 akwatiwe makolo akalola, ndipo pa ena aang'ono kwambiri, nduna ikalola. Malawi anatseka khomo limenelo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika 18, koma Konsitityushoni inkalolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, mpaka kusintha kwa 2017 kuja kunachotsa chiganizocho. Anansi athu ayenda njira yomweyo: khoti lalikulu la ku Zimbabwe linaletsa maukwati a ana mu 2016, Mozambique inakhazikitsa lamulo mu 2019, Zambia mu 2023. Ngakhale ku England anadikira mpaka 2023 kuti akweze kuchoka pa 16 kufika 18, ndiye tisamangodziona ngati otsalira pa chilichonse.

Kunena kwina, mtsikanayo sakufunika kuthawitsidwa ku Ntcheu kuti lamulo limuteteze. Limamuteteza ali komweko, chimene chimasowa ndi munthu wolidzutsa. Dedza ndi pafupi, ndipo mbiri ya Inkosi Theresa Kachindamoto yothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu palibe mfumu ya m'chigawo chimenecho imene sinaimve. Mng'ono wanu apite kwa amfumu, kwa ahedi ndi amayi a mother group apasukulupo, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala ya 116 ndi yaulere kwathu, ndipo kuno Childline imayankha pa nambala yomweyo. Bambo wotere amalimba mtima akaona kuti pakhomo pali njala ndipo palibe woyankhula. Akamva kuti nkhani yafika kwa amfumu ndiponso kuti azakhali a ku Joni akutsatira, kawirikawiri miyendo imafupika.

Ndikanakhala inu, ndalama imene munakonza kutumiza mwezi ndi mwezi ndikanaitumizabe, koma ndi dzina lina. Ipite pa Mukuru ngati ya yunifolomu, makope, sopo ndi zofunika za atsikana, ndipo teremu ikatha muzipempha chithunzi cha lipoti pa WhatsApp. Sukulu ya pulayimale kwathu ndi yaulere kuyambira 1994, koma tonse tikudziwa kuti chimene chimagwetsa mtsikana mu Sitandade 7 si fizi, ndi tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi mimba yopanda kanthu. Watsala ndi chaka chimodzi kuti alembe mayeso a Sitandade 8. Za khanda lanu, funsani ku sukulu zamkaka za m'dera lanu, kapena gwirizanani ndi mayi wina wamkulu amene amasunga ana angapo. Ngati mulemba mlezi wanuwanu, dziwani kuti kuyambira 2022 antchito a m'nyumba amalandira malipiro ochepetsetsa ofanana ndi ena onse, ndipo mu 2025 anali R28.79 pa ola. Inde, n'zodula kuposa mwana wa mng'ono wanu. Kutchipa kwakeko ndiye kumene lamulo likuletsa.

Ngati mwatsimikiza kuti abwere ndithu, abwere ngati mwana wasukulu: pasipoti yake, makalata a makolo ake, chilolezo chophunzirira kuchokera ku Home Affairs, ndi malo kusukulu asananyamuke. Ena adzakuuzani kuti mapepala safunika chifukwa mu 2019 khoti la ku Makhanda linagamula kuti sukulu isathamangitse mwana chifukwa chosowa mapepala. Chigamulocho chilipodi, ndipo chathandiza ana ambiri. Koma chimamulowetsa m'kalasi mokha, sichimupatsa chilolezo chokhala m'dziko. Tsiku lokwanitsa 18 chitetezo chaumwana chimatha, amasanduka mlendo wamkulu wopanda mapepala amene akhoza kukathera ku Lindela, kumene amatsekera alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Kwa wa 14, zimenezo ndi zaka zinayi zokha kuchokera lero.

Simunandifunse za khanda lanulo, koma ndilowererepo. Ngati linabadwira kuno, kodi munalembetsa kubadwa kwake ku Home Affairs? Lamulo limati pasanathe masiku 30, ndipo mukachedwa njira yake imatalika. Kubadwira kuno sikumupatsa unzika ngati makolo onse ndi alendo, koma Citizenship Act imalola mwana wobadwira kuno, amene wakhala kuno mpaka zaka 18 ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa, kupempha unzika. Khadi lakusikelo lija ndi malipoti akusukulu adzakhala umboni wakuti sanachoke, musawataye posamuka nyumba. Ndipo muuzenso mng'ono wanu akafunse ku ofesi ya kalembera wa nzika ya NRB paboma la Ntcheu za satifiketi yakubadwa ya mtsikanayo, chifukwa amfumu kapena apolisi akadzafunsa zaka zake, bambo uja adzalumbira kuti iye ankaona ngati ndi wa 19.