Gulu losunga mbiri ya Mangochi: yambani mwapeza mlembi, za tcheya muziona pambuyo

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi ena opuma pa ntchito a pa Boma pompano. Mwachidule akuti iwo ndi anzawo angapo, ena aphunzitsi anzawo, wina ankagwira ntchito pa sitima ku Monkey Bay, kuphatikizapo achinyamata awiri atatu, akufuna kuyambitsa kagulu kosunga mbiri ya Mangochi, kongodzipereka, kopanda malipiro. Koma misonkhano yonse yomwe akumana nkhani ikumangothera pa mipando. Ena akuti wapampando akhale bwana wina wa bizinesi poti ali ndi dzina komanso galimoto, ena akuti ayi akhale mfumu, ndipo wina wafunsa kale kuti alawansi ya msonkhano ikhala zingati. Nde akufunsa kuti tisankhe ndani, nanga tiyambire pati?

Aphunzitsi, zikomo kwambiri pondilembera. Ndikuyankhani mosapsatira ndipo pena ndikupwetekani pang'ono, mundikhululukire.

Mpando umene mukulimbiranawo si umene udzasunge gulu lanu. Magulu ongodzipereka kuno kwathu, kaya ndi komiti ya mjigo, kaya ya sukulu, kaya ya manda, amafa mlembi akatopa, osati tcheya akachoka. Tcheya ali ngati dzina lopentedwa pa bwato, aliyense pa doko amaliwerenga, koma bwatolo likuyandama chifukwa cha uja wakhala kumbuyo akukapa madzi. Ndiye musanavotere wina aliyense, yang'anani pagulu panupo munthu amene amafika nthawi yake, amene akanena kuti ndikuyimbirani mawa amayimbadi, amene kope lake la maminitsi a kutchalitchi kapena kumzikiti la zaka zisanu zapitazo akadali nalo. Ameneyo mumugwire mwendo akhale mlembi, olo akhale wosalankhulalankhula, olo Chingerezi chake chikhale chothyoka.

Ndikunena chonchi chifukwa ndikuganizira ntchito yeniyeni imene gulu ngati lanuli likuyenera kugwira. Taimani tsiku lina pa raundabauti ya pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene pamadzadza akabaza paja. Pali nsanja ya wotchi ya njerwa imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti ija ya Hotchkiss yochokera pa sitima ya Gwendolen, imene mu August 1914 inakaononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pa gombe ku Sphinxhaven, kumene pano ndi Liuli ku Tanzania. Palinso chikumbutso cha Vipya, sitima imene inamira pa 30 July 1946 kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Mukayenda pang'ono mupeza Lake Malawi Museum m'nyumba yakale ya Gymkhana Club. Zonsezi zinalembedwa kale, zoti tawuni ino inayamba ngati Fort Johnston mu 1891, zoti amishoni a Livingstonia anayamba akhala ku Cape Maclear mu 1875 asanasamukire ku Bandawe, zoti sitima ya Chauncy Maples anailumikizira ku Mpondasi n'kuiika m'madzi mu 1901, zonsezi zili m'mabuku ndipo olo inu nonse mutagona sizisowa.

Chimene chikusowa tsiku ndi tsiku ndi chimene chili m'mitu mwa agogo athu. Tengani nkhani ya February 1965, pamene anthu a Masauko Chipembere anaukira Boma lino usiku n'kuuyamba ulendo wa ku Zomba, n'kukakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 nthawi imeneyo pano ali m'ma 80. Alipo ku Malindi ndi midzi yozungulira amene anaona zimene zinatsatira, anthu akumangidwa, midzi ngati wa Moto ikuzunzika, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 munthu sankayerekeza kutchula dzina la Chipembere pagulu, moti ena mpaka lero akamayamba nkhaniyi amayamba ayang'ana kaye kukhomo. Alipo amene anawoloka pa pantoni mlatho kulibe, amene anagwira ntchito pa Ilala itangoyamba kuyenda m'ma 1950, asodzi amene akukumbukira nthawi imene chambo cha mu Malombe chinali chosowa wogula, akuluakulu a beni amene akudziwa kuti maudindo a chisilikali a m'gulemo anabwera bwanji. Maliro alionse a munthu wotere amene mukupita, mukukwirira zinthu zimene sizili ku National Archives ku Zomba ndipo sizidzakhalako. Ntchito yake ndi yokhala pa mkeka ndi foni maola awiri, kenako kukakhala pansi masiku angapo kulemba zimene zanenedwazo liwu ndi liwu. Bwana wa galimoto uja adzachita zimenezo? Mukumudziwa ndinu.

Sindikuti mumutaye ayi. Mupatseni ulemu wake, akhale mthandizi wamkulu wa gulu, muzimuitana tsiku la chionetsero adzadule riboni, akafuna kupereka mafuta a ulendo wa kwa Makanjira alandiridwe ndi manja awiri. Koma akakhala wapampando misonkhano izidzayendera pulogalamu yake, akapita ku Blantyre gulu laima, ndipo palibe amene adzathe kumufunsa kuti bwana lipoti lija lili kuti.

Za mfumu ndi nkhani ina, yofunika kuisamala kwambiri. Popanda mafumu simungalowe m'mudzi uliwonse, zimenezo n'zachidziwikire, ndipo ulendo wanu woyamba ukhale wokaonekera kwa iwo. Koma mbiri ya boma lino ili ndi zilonda. Nkhondo za Harry Johnston ndi mafumu a Chiyao, Mponda, Makanjira, Jalasi, zinatenga kuyambira 1891 mpaka 1895, Captain Maguire, mkulu wa asilikali a Johnston, anafera m'nkhondo yolimbana ndi Makanjira mu 1891, ndipo pakati pa zonsezi pali nkhani ya malonda a akapolo. Azungu analemba mbali yawo, yoti anabwera kudzathetsa ukapolo. Zidzukulu za mafumuwo zili ndi mbali yawo, yoti makolo awo ankateteza dziko lawo. Zidzukulu za amene anagwidwa kapena kuthawitsidwa, makamaka Anyanja a m'mbali mwa nyanja, nazo zili ndi yawo, ndipo onsewa lero amagula pa msika umodzi. Mukaika mfumu imodzi pampando, anthu a mafumu ena aziona ngati gululo ndi la ufumu umenewo, komanso ndani pa msonkhano angaimirire n'kunena kuti pepani Gogo Chalo, pamenepa agogo a kutsidya ananena zosiyana? Mafumu akhale alangizi, angapo, osati m'modzi.

Ndiye wapampando akhale ndani? Kwa ine, munthu wapakatikati, wodziwa kudula nkhani ikatalika popanda kunyoza munthu, amene angakhale pansi ndi mashehe m'mawa, masana n'kukacheza ndi abusa kapena ansembe onse n'kumumasukira. Ngati iyeyo Chiyao sachimva bwino, wachiwiri wake akhale woti anayamwira. Mangochi simungaisunge m'Chichewa chokha, agogo ambiri kwa Jalasi, kwa Katuli, ku Namwera nkhani yakuya amaifotokoza m'Chiyao ndipo ilembedwe m'Chiyao momwemo, kumasulira kubwere pambuyo. Muikenso malire, zaka ziwiri kenako chisankho, mulembe zimenezi pano pamene aliyense akusekerera, chifukwa kuchotsa munthu amene wazolowera kutchedwa tcheya ndi nkhondo.

Mu imelo yanu sindinaonemo mayi ndi m'modzi yemwe. Apa ndiye mwaphonya kwambiri aphunzitsi. Kuno mtundu timawerengera kuchikazi, ndiye amene amadziwa kuti uje anabadwa kwa uje, mbumba iyi inachokera kutsidya liti, mudzi uwu unagawikana chifukwa chani, ndi azimayi akuluakulu. Komanso pali zimene gogo wamkazi sangauze mwamuna wachilendo olo atabwera ndi shuga wochuluka bwanji. Azimayi alowe mu komiti ngati atsogoleri, osati oti azidzaphika tsiku la msonkhano. Ndipo za kusimba, za jando ndi msondo zimene eni ake akuti izi sizituluka, zisiyeni, si zonse zofunika kujambula.

Tsopano za alawansi. Muwauze achimwene amene afunsawo pamaso pa onse kuti kulibe, ndipo sikudzakhala. Tinazolowera zoipa ndi mawekishopu a m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanjamu, munthu kusaina pepala n'kulandira envelopu, moti mawu oti kudzipereka anasanduka nthabwala. Chimene mungachite ndi kubweza thiransipoti imene munthu wagwiritsadi ntchito potumidwa ndi gulu, ya minibasi kapena ya kabaza, ndi kabandulo ka mlembi, basi. Msungichuma asakhale m'bale wake wa wapampando, ndalama zisamasungidwe mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, olo zikhale zochepa bwanji zilembedwe m'kope ndipo kopelo liziwerengedwa mokweza msonkhano uliwonse, mukadzatsegula akaunti osainira akhale atatu. Ena achoka mukanena zimenezi. Asiyeni apite, bola mutsale asanu ogwira ntchito.

Pojambulapo pali tinthu ting'onoting'ono timene anthu amaiwala. Musanayambe mafunso, foni ili kale pa rekodi, nenani tsiku, mudzi, T/A, ndipo agogowo anene okha dzina lawo ndi kuvomera kuti mawu awo asungidwe, anenenso ngati akulola kuti adzamveke pa wailesi kapena pa Facebook. Zaka zobadwa ambiri sadziwa, afunseni kuti nthawi ya njala ya 1949 anali msinkhu wanji, kapena pamene tinkalandira ufulu mu 1964 anali atakwatira kale kapena ayi. Musawadule pakamwa, ndipo akatchula chaka cholakwika musawakonze, uphunzitsi muusiye pakhomo. Foni muyiike pa mtondo wovundikira kapena pa mpando pafupi ndi iwo, kutali ndi nkhuku ndi mphepo ya mwera. Mukabwereko kachiwiri, chifukwa ulendo woyamba amakuuzani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Zithunzi zakale, makadi a msonkho, mapasi a ku Joni, zijambuleni pomwepo n'kubweza kwa eni ake. Ndipo chilichonse chikhale malo atatu, pa kompyuta, pa fulashi yosungidwa nyumba ina, ndi pa intaneti. Kutentha kwa kuno, chiswe, ndi madzi aja anatilowera m'nyumba nyanja itakwera mu 2024, pepala limodzi lokha silingapirire.

Achinyamata anu aja muwachenjeze kuti akakwera ku Fort Mangochi kapena kupita ku Fort Maguire asatole kanthu, kaya chipolopolo chakale kaya phale. Pali lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo zinthu zimenezo zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za malo osungira zakale. Pitani mukadziwonetse kwa ogwira ntchito pa museum ya pa Bomayo, muwauze zimene mukufuna kuchita. Lemberaninso a Society of Malawi, amene akhala akuchita ntchito yofanana ndi yanuyi kuyambira 1946 ndipo laibulale yawo ili ku Mandala House ku Blantyre, kumeneko mukapezako zolembedwa zambiri za kunyanja kuno zoti muzifananitsa ndi zimene agogo akuuzani.

Kulembetsa gulu ku boma musakuthamangire. Malamulo a masamba awiri akukwanirani chaka choyamba, za matrasti ndi zidindo mudzaziona mukadzakhala ndi choti muonetse. Msonkhano ukubwerawu ajenda ikhale imodzi yokha: aliyense abwere ndi mayina a okalamba atatu a kwawo oti akachezeredwe, muwandandalike kuyambira wodwalika kwambiri, mugawane awiriawiri mvula isanatseke misewu ya kutsidya. Chisankho mudzachite patatha miyezi itatu, mukadzaona amene wabwera ndi mawu ojambulidwa ndi amene wabwera ndi zifukwa. Achimwene a alawansi aja nawonso muwapatse gogo wawo.