Ampulifaya ikuzima ndikawonjezera sabuwufa yachiwiri

Funso: Mu Probox yanga munali sabuwufa imodzi ya mainchi 12 ndipo imaimba bwino. Nditawonjezera yachiwiri, ampulifaya ikumatentha kwambiri, kagetsi kofiira ka protect (kosonyeza kuti yadzizimitsa podziteteza) n'kuyaka, nyimbo zii. Zonse ziwiri ndi za 4 ohm, zolembedwa 1400W iliyonse. Ampulifaya ndi ya 4-channel, ya 3000W, ndipo ndinailumikiza bridge (kuphatikiza channel ziwiri kuti zigwire ntchito ngati imodzi). Kodi yapsa?

Yankho: Sinapse, achimwene, koma mukaumirira ipsa. Ndikudziwa zomwe mwachita: mawaya ofiira mwawamanga pamodzi, akuda pamodzi, n'kulowetsa zonse pa bridge imodzi. Imeneyo ndi parallel, ndipo 4 ohm ziwiri zikalumikizidwa choncho zimatsika kufika pa 2 ohm. Ampulifaya zambiri za 4-channel zikakhala pa bridge sizilola kutsika pansi pa 4 ohm, n'chifukwa chake yanuyo ikutentha n'kuzima. Gawani: channel 1 ndi 2 zipite ku sabuwufa imodzi, 3 ndi 4 ku inayo. Protect isiya.

Koma za 3000W zija iwalani. Manambala akuluakulu a pakatoni ndi a Max, mphamvu ya kanthawi kochepa chabe, okopera ogula. Ife timawerenga RMS, mphamvu imene chipangizo chimakwanitsa mosalekeza, ndipo sabuwufa yolembedwa 1400W nthawi zambiri RMS yake imakhala cha m'ma 400W. Ziwiri ndiye zikufuna pafupifupi 800W.

Ine ampulifaya iliyonse ikafika pano ndimayamba ndayang'ana fyuzi, chifukwa fyuzi sinama. Injini ikamalira, galimoto imapereka pafupifupi 14V. Kuti mutulutse 3000W pa 14V pakufunika ma amp oposa 200, pomwe alteneta ya galimoto yaing'ono ngati yanuyo sifika n'komwe pamenepo. Tembenuzani ampulifayayo muone m'mbali. Mukapeza mafyuzi awiri a 20A, ndiye 40 kuchulukitsa ndi 14, tikupeza 560W. Zimenezo ndi zolowa, osati zotuluka. Ampulifaya ya mtundu wa class AB, ngati zambiri za 4-channel, imataya gawo lalikulu ngati kutentha, ndiye zofika ku masipika ndi 350W mwina, zogawana awiri. Ndipo musayerekeze kuika fyuzi yaikulu kapena kukulunga waya m'malo mwake. Mphamvu siziwonjezeka, mungoyatsa mipando.

Besi ikamamveka yofooka anthu amathamangira kupotokola gain (kopotokola kokweza mawu olowa mu ampulifaya) mpaka kumapeto. Pamenepo mawu amayamba kuphwanyika, koyilo ya mu sabuwufa n'kutentha, kenako mukumva fungo la kupsa n'kumanena kuti sabuwufa inali yabodza.

Ngati mukufunadi kuti ziwirizo zigunde, gulani ampulifaya ya mono (ya channel imodzi) ya mtundu wa class D yolembedwa 700 mpaka 800W RMS pa 2 ohm, n'kubwerera ku parallel yanu ija. Waya wochokera ku batire akhale wa kopa weniweni wa 4 gauge, osati wotchipa uja wa aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, ndipo fyuzi yake ikhale pafupi ndi batire. Polumikiza waya wa ground (wopita ku chitsulo cha galimoto) palani penti mpaka chitsulo chioneke.