Funsani za Zipangizo: Masipika alipo 6, koma akulira ndi awiri okha

FUNSO: Akonzi, ndinagula makina a home theatre ogwiritsidwapo kale ntchito, okhala ndi ampulifaya ndi masipika 6, ndipo ndinawalumikiza ku kompyuta yanga ya Windows ndi chingwe cha optical, chija chimawala mofiira kunsonga. Mafilimu ndimaonera pa VLC. Chondidandaulitsa ndi chakuti mawu amatuluka m'masipika awiri akutsogolo okha, ngakhale dzina la fayilo litalembedwa kuti 5.1. Tsiku lina nditasintha zina mu VLC, filimu imodzi inamveka bwino mbali zonse, koma ina inangoti zii. Kodi chawonongeka ndi chiyani? Wowerenga wathu wa ku Lilongwe.

YANKHO: Bambo, malinga ndi mmene mwafotokozera, sindikuona kuti pali chimene chawonongeka, ndipo musafulumire kukagula chingwe china. Gwero la vuto lanu ndi malire a chingwe cha optical chenichenicho. Chingwechi, chimene dzina lake ndi TOSLINK, chinatulutsidwa ndi kampani ya Toshiba mu 1983, nthawi imene ma CD anali atangoyamba kumene, ndipo chimanyamula mawu motsatira njira ya S/PDIF ya makampani a Sony ndi Philips. Njira imeneyi inakonzedwera mbali ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja. Mbali zonse za 5.1, kutanthauza masipika awiri akutsogolo, ya pakati imene imanyamula zolankhula za anthu, awiri akumbuyo ndi ya besi, zimatheka kudutsa m'chingwecho pokhapokha zitapanikizidwa kukhala mtolo umodzi wa mtundu wa Dolby Digital, umene umatchedwanso AC3, kapena wa DTS. Zili ngati wa kabaza amene angakunyamulireni matumba awiri osamanga, koma mukafuna kuti atenge 6, muyenera kuwamanga pamodzi mwa mfundo imene wolandira katunduyo amadziwa kumasula.

Mwachizolowezi VLC imamasula yokha mtolowo mkati mwa kompyuta, ndipo ikaona kuti khomo lotulukira ndi la mbali ziwiri, imasakaniza mbali zonse n'kuzitumiza ngati stereo. Chimene munasintha tsiku lija chiyenera kuti ndi passthrough, imene imauza pulogalamuyi kuti isakhudze mtolowo koma iupereke wosamasula kwa ampulifaya. Mu VLC 3.0, imene inatuluka mu 2018, mumachipeza mukalowa pa Tools, kenako Preferences, kenako Audio, pamalo olembedwa kuti HDMI/SPDIF audio passthrough. Pamenepo pali zosankha zitatu, ndipo kwa inu a chingwe cha optical choyenera ndi chimene chikunena za AC3 ndi DTS zokha. Chinacho, cholembedwa kuti Enabled popanda mawu ena, chimalola pulogalamuyi kuyesa kutumizanso mitundu ikuluikulu monga Dolby Digital Plus ndi Dolby TrueHD, imene singadutse mu optical koma imafuna HDMI, chingwe china chonyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Mukasunga zosinthazo, tsekani VLC n'kuitsegulanso, ndipo muonetsetse pa Audio Device kuti mwasankha khomo la optical, osati masipika a kompyuta.

Komabe chizolowezi chimene ndikufuna kuti muchiyambe ndi ichi: musanasinthe kalikonse, funsani kaye fayiloyo kuti ili ndi mawu a mtundu wanji. Filimu ikamaseweredwa, dinani Ctrl ndi J pamodzi, ndipo VLC idzakuonetsani Codec Information. Mukaona A52, limene ndi dzina lina la AC3, kapena DTS, fayiloyo ikhoza kudutsa m'chingwe chanu ndi mbali zake zonse. Mukaona AAC, FLAC kapena Opus, ndiye kuti ngakhale ikhale ndi mbali 6, chingwe cha optical chidzangoitulutsa ngati stereo basi, mungasinthe bwanji mu VLC. Mafayilo ambiri amene anthu amapatsana pa fulashi ali ndi mawu a AAC chifukwa amakhala aang'ono, ndipo ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene pagona mbali yaikulu ya dandaulo lanu. Onaninso pa Audio Track, pakuti mafayilo ena amakhala ndi mawu apawiri, ena a stereo ndi ena a 5.1, ndipo pulogalamu ikhoza kuyamba ndi a stereo.

Za filimu imene inangoti zii ija, zotheka ndi ziwiri: mwina inali ya mtundu umene chingwe sichinyamula, kapena inali ya DTS pamene ampulifaya yanu imangodziwa Dolby Digital. Zizindikiro zosindikizidwa kutsogolo kwa ampulifaya zidzakuuzani. Windows nayonso ili ndi poyesera: mukatsegula Properties ya khomo la optical pansi pa Sound, pa Supported Formats mukhoza kuyesa Dolby Digital ndi DTS payekhapayekha, n'kuchonga okhawo amene amveka. Pa Advanced lolaninso kuti mapulogalamu azitha kutenga khomolo paokha, chifukwa mtolo wopanikizidwa sungasakanizidwe ndi mawu ena a kompyuta. Poyesa zonsezi tsitsani voliyumu ya ampulifaya, pakuti mtolo ukafika kwa chipangizo chimene sichikuuzindikira, nthawi zina umatuluka ngati phokoso lamphamvu lofanana ndi la wailesi imene yataya siteshoni, ndipo likhoza kupsereza masipika aang'ono.

Nanga mafayilo a AAC aja muwatani? Ngati ampulifaya ili ndi khomo lolowetsera HDMI limene limalandira mawu, gwiritsani ntchito limenelo, chifukwa HDMI imanyamula mbali zofika 8 zosapanikiza. Ngati ilibe, ine ndingakulangizeni kuyesa Kodi, pulogalamu ina yaulere imene aliyense ali ndi ufulu woona ndi kusintha mmene inalembedwera, monga VLC, ndipo inkatchedwa XBMC mpaka 2014. Kodi imatha kumanganso mawu a 5.1 a mtundu wina kukhala Dolby Digital filimu ili mkati. Pa System, kenako Audio, kwezani mulingo wa zosintha kufika pa Expert, ikani chiwerengero cha mbali pa 2.0, lolani passthrough, chongani kuti ampulifaya yanu imalandira AC3, kenako yatsani transcoding, kumene ndi kumanganso mawu kuja. Ambiri amasokonezeka ndi 2.0 imeneyi n'kuikapo 5.1, koma nambalayo ikufotokoza mbali zosapanikiza zimene chingwe chingathe, osati masipika amene muli nawo m'nyumba. Umboni woti zatheka ndi kachiwonetsero ka ampulifaya: kakalemba Dolby Digital kapena DTS, zili bwino, koma kakalemba PCM, kutanthauza mawu osapanikiza, kapena Pro Logic, ndiye kuti ikulandirabe stereo ndipo ikungoimwaza m'masipika onse.

FUNSO: Ine laputopu ndimailumikiza ku TV ndi HDMI, ndipo kuchoka pa TV kupita ku ampulifaya ndi optical. Mafayilo a AC3 amamvekabe ngati stereo, ndipo ndikayatsa passthrough voliyumu ya VLC imasiya kugwira ntchito. Wowerenga wathu wa ku Johannesburg.

YANKHO: Mayi, za voliyumu musade nazo nkhawa, chifukwa pulogalamu singakweze kapena kutsitsa mawu amene sinawamasule, gwiritsani ntchito rimoti ya ampulifaya. Za stereo, wokayikitsa woyamba ndi TV. Lowani pa zosintha zake za mawu, mupeze Digital Audio Output, ndipo muichotse pa PCM n'kuiika pa Auto, Bitstream kapena Pass-through, malinga ndi dzina limene TV yanu ikugwiritsa ntchito. Dziwaninso kuti ma TV ena akale amauza kompyuta kudzera pa HDMI kuti amalandira mbali ziwiri zokha, ndipo ena amadutsitsa Dolby Digital koma amakana DTS. Ikakhala yotero, ndipo ampulifaya ili ndi makomo a HDMI, sinthani dongosolo la zingwe kuti laputopu iyambe yalowa mu ampulifaya, kenako chithunzi chipitirire ku TV.