Yankho kwa mayi amene afunsa ngati mkaka umatupitsa m'thupi mwa munthu wonenepa

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati thupi lakula, kuchipatala akuuzani kuti BP yayamba kukwera ndipo shuga ali m'malire. Kenako mwaonera vidiyo yonena kuti mkaka ndi umene umayambitsa inflammation, kutanthauza kutupa kwa m'kati mwa thupi, pomwe mwana wanu akukulimbikitsani kuti muzimwa wambiri kuti muchepe thupi. Mukufuna kudziwa woona ndani. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa zimandiwawa kuona anthu akusiya chakudya chabwino chifukwa cha mantha, ena akuwononga ndalama poganiza kuti agula mankhwala.

Timvane kaye za kutupa kumene akunenako. Si kutupa kwa chithupsa kapena kwa phazi lobinya, koona ndi maso. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, amatulutsa timadzi tina tomwe timachititsa chitetezo cha m'thupi kukhala ngati chili pankhondo usana ndi usiku, pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri. Zimenezi zimawononga mitsempha ya magazi m'kati mwake ndipo zimalepheretsa insulin, timadzi tothandiza thupi kutsitsa shuga m'magazi, kugwira bwino ntchito. Madokotala amaziona poyeza m'magazi zinthu monga CRP, puloteni imene imachuluka m'thupi mukakhala kutupa. Mwa munthu wonenepa gwero lalikulu ndi mafuta a pamimbawo, ndipo thupi likatsika CRP nayo imatsika.

Tsono kodi mkaka umasonkhezera motowu? Anayesa. Mu 2013 akatswiri a ku Canada anaunika pamodzi akafukufuku 8 amene anapatsa anthu onenepa mkaka, yogati kapena tchizi wochulukirapo. Mwa anayi zizindikiro za kutupa zinatsikako, mwa anayi enawo sizinasinthe. Palibe amene anapeza kuti zakwera. Mu 2017 ena anaunika akafukufuku 52, ndipo kumene kutupa kunaoneka kukwera kunali mwa anthu amene thupi lawo limadana ndi mkaka, aja amatuluka ziwengo akangoumwa. Ngati simuli m'gulu limenelo, vidiyo ija isakudetseni nkhawa.

Koma mwana wanunso wapitirira muyezo. Mawu akuti mkaka umachepetsa thupi anafala kwambiri ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, kuchokera ku akafukufuku ang'onoang'ono amene ambiri ankalipiridwa ndi amalonda a mkaka omwe. Mu 2007 kutsatsa malonda kotereku kunaimitsidwa kumeneko chifukwa umboni sunali wokwanira. Ndipo mu 2021 ku Seattle anatulutsa zotsatira za anthu 72 a mimba yaikulu ndi mavuto a BP kapena shuga ngati amene mwafotokoza anuwo. Ena anawauza kuti achepetse kwambiri za mkaka, ena azidya katatu ndi kupitirirako pang'ono patsiku kwa masabata 12, gulu lina wochepa mafuta, lina wa mafuta onse. Kutupa sikunasinthe. Amene ankamwa wa mafuta onse ananenepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo m'magulu onse omwa wambiri insulin inafookako pang'ono. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kapu imodzi ya mkaka wa mafuta onse ili ndi ma calorie pafupifupi 150. Mukaiwonjezera pamwamba pa nsima, mandasi ndi zonse mumadya kale, thupi silingazitaye.

Pamene mkaka uli ndi umboni wabwino ndi pa BP, ndipo apa ndi pokukhudzani inu. Mu 1997 kafukufuku wotchedwa DASH anadyetsa anthu 459 kwa masabata 8. Amene anangowonjezera zipatso ndi ndiwo zamasamba, nambala ya pamwamba ya BP inatsika ndi pafupifupi 3. Amene anawonjezeranso mkaka wochepa mafuta, nachepetsa nyama yonona ndi zotsekemera, inatsika ndi 5.5, ndipo mwa amene anali kale ndi BP yokwera inatsika ndi 11. Onani bwino apa, mkaka sunali wokha, unalowa pamalo pa zinthu zina. Ku Maastricht ku Netherlands anachita chimodzimodzi ndi anthu onenepa 35: theka la lita ya mkaka wochepa mafuta ndi yogati pang'ono m'malo mwa juwisi ndi mabisiketi, BP inatsika ndi pafupifupi 3, zina zonse osasintha kwenikweni. Kafukufuku wamkulu wa PURE wa 2018, amene anatsatira anthu oposa 136,000 m'maiko 21 kuphatikizapo Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa, anapeza kuti odya za mkaka koposa kawiri patsiku ankadwala mtima ndi sitiroko mocheperapo. Uyu ndimamutenga mosamala, poti m'maiko osauka wokwanitsa kugula mkaka tsiku lililonse ndi yemwenso amakwanitsa kupita kuchipatala msanga.

Ndiye funso limene ndikadakufunsani tikadakhala pakhonde ndi ili: mkakawo ulowa m'malo mwa chiyani? Ngati kapu ya chambiko ichotsa botolo la zoziziritsa kukhosi masana, mwapindula. Ngati ndi mkaka wothira mu tiyi wa masupuni anayi a shuga, wotsagana ndi mandasi awiri, cholakwa si mkaka ayi. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire masupuni ang'ono 12 patsiku, ndipo kuli bwino kukhala pa 6. Makapu awiri a tiyi wotere mwadutsa kale pa 6. Yogati wambiri wa m'sitolo, wa fungo la zipatso uja, ndi wothira shuga, choncho muzigula wosatsekemera, n'kuduliramo nthochi kapena papaya nokha. Ufa woyeretsa tiyi umene ambiri timautcha mkaka nthawi zambiri si mkaka konse, ndi shuga wa glucose ndi mafuta a mgwalangwa. Tembenuzani paketi muwerenge.

Ambiri a ife kuno tikakula m'mimba simugayanso bwino lactose, shuga wachilengedwe wa mu mkaka, ndiye tikamwa wambiri nthawi imodzi mimba imadzaza mpweya kapena kutsegula. Anthu amasokoneza zimenezi ndi inflammation, koma ndi nkhani ya kugaya chabe. Chambiko ndi yogati zimakhala zofatsa m'mimba chifukwa tizilombo tabwino towawitsa mkaka tadya kale gawo lina la lactose. Ngati mumagula mkaka kwa mlimi kapena wapanjinga, muziuwiritsa kaye nthawi zonse, chifukwa wosawiritsa ungathe kufalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena a ziweto otchedwa brucellosis.

Ndikudziwanso kuti mkaka wadula. Ngati thumba silikulola musadziimbe mlandu. Usipa, bonya ndi matemba odyera limodzi ndi minga zake ali ndi kashiamu wambiri, bonongwe ndi nkhwani nazonso zimathandiza, bola mchere uchepe.

Kwa inu ndinganene kuti kapu imodzi kapena awiri patsiku, makamaka chambiko kapena yogati wopanda shuga, ndipo chilichonse mwawonjezera muchotsepo chotsekemera chimodzi. Mankhwala a BP kapena a shuga ngati anakupatsani musasiye. Ngati anakuuzanipo za vuto la impso, funsani dokotala wanu musanawonjezere mkaka. Lero lomwe yezani m'chiuno ndi tepi ya telala kudutsa pamchombo, lembani pamodzi ndi BP yanu, ndipo pakatha miyezi itatu muyezenso mudzatiuze muno mmene zayendera.